Pogula njinga yamoto yakale, musakhulupirire makilomita okha

Amalonda ambiri akafuna kugula njinga yamoto yoti inagwirapo kale ntchito amathamangira kuona makilomita omwe yayenda. Nambala imeneyo sinena zonse. Chofunika kwambiri ndi komwe njingayo yakhala ikuyenda komanso katundu yemwe yakhala ikusenza.

Anthu a mpikisano wa motocross, omwe amathamangitsa njinga m'matope n'kumadumpha zitunda, sawerenga n'komwe makilomita. Iwo amawerenga maola omwe injini yalira. Buku la malangizo la Honda CRF450R, yomwe ndi njinga ya mpikisano, limati pisitoni ndi maring'i ake zisinthidwe pakatha mipikisano 6, kapena maola pafupifupi 15. Maola 15 okha! Wakabaza amawakwanitsa m'masiku awiri. Zoona, injini za Lifo, Boxer kapena Yamaha AG200 sizithamangitsidwa mwaukali chotero, n'chifukwa chake zimakhalitsa. Komabe zomwe zimadya njinga ya mpikisano ndi zomwezonso zimadya njinga yosenza matumba a makala kapena mabasiketi a tomato pa msewu wafumbi.

Mdani wamkulu ndi fumbi. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena ikamangidwa mosakhwimitsa, timchenga timalowa mu injini n'kumapala silinda ndi maring'i ngati sandipepa. Zotsatira zake ndi utsi wobiriwira ku ekizosi, oyilo kutha msanga, ndi njinga kufooka pachitunda. Fyuluta ndi chinthu chotsika mtengo, pomwe kutsegula injini kumatha kudya phindu la milungu ingapo.

Tcheni nacho chimavutika. Mchenga ukasakanikirana ndi oyilo umasanduka phala lomwe limadya timapini ta mkati mwa tcheni, ndiye chimatalika. Chikatalika sichikhalanso bwino m'mano a sipuloketi, ndipo manowo amasongoka n'kupindika ngati mbedza. Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Amagula tcheni chatsopano n'kusiya masipuloketi akale, kenaka manowo amachidya posakhalitsa. Kwa ine, kusintha zitatu zonse pamodzi, tcheni ndi masipuloketi awiri, ndiko kutchipa. Inu ogulitsa masipeya, ikani mtengo umodzi wa zitatuzo wotsikirako pang'ono. Kasitomala wogula tcheni chokha amabwerera akudandaula kuti munamugulitsa chachinyengo, chonsecho vuto lili pa njinga yake.

Katundu wolemera ndi matope zimapsereza mapuleti a kilatchi, makamaka dalaivala akamaigwira theka kuti atuluke potitimira. Pa njinga zambiri zing'onozing'ono kilatchi imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, choncho zinyenyeswa zake zimadetsanso oyiloyo. Matope akaumira pa mashoko akutsogolo amang'amba timalabala totseka oyilo, ndipo oyiloyo akadontha mpaka pa buleki, ndiye ngozi. Kutsukira njinga mumtsinje, monga tionera m'madera ambiri, kumalowetsa madzi m'mabeling'i a mawilo.

Musanapereke ndalama, pitani ndi makaniko wanu, osati wa mwini njinga. Pemphani kuti muilize injini ili yozizira, chifukwa yotenthetsa kale imabisa utsi ndi phokoso. Kokani tcheni chakumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu: chikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, chatha. Imikani njinga wilo lili m'mwamba n'kuligwedeza cham'mbali. Likamasewera, mabeling'i apita. Gogodani masipoko ndi sipanala, olimba amalira bwino, omasuka amangoti phu. Kenaka tsegulani bokosi la fyuluta n'kupisa chala m'paipi yopita ku kabuleta. Chala chikatuluka ndi fumbi, injiniyo yakhala ikumeza dothi, ndipo mtengo wa pisitoni, maring'i ndi makaniko uchotsedwe pa ndalama yomwe akukutchulirani.