Arvo Pärt: mpeki wa nyimbo amene adayamba wakhala chete

Mu Novembala 1968, mu mzinda wa Tallinn ku Estonia, anthu adawomba m'manja osalekeza mpaka oimba adachita kuibwereza nyimbo yonse. Nyimboyo inali Credo, ya kwaya, piyano ndi gulu lalikulu la zoimbira, motsogozedwa ndi a Neeme Järvi. Akuluakulu a boma okha ndiwo sadakondwe. Estonia inali m'manja mwa Soviet Union, boma losafuna kumva za Mulungu, pomwe mawu a nyimboyi ankavomereza poyera chikhulupiriro mwa Yesu Khristu. Posakhalitsa Credo idaletsedwa, ndipo mwini wake, a Arvo Pärt, a zaka 33, adangoti zii.

Mkuluyu adabadwa pa 11 Seputembala 1935 m'tauni ya Paide, nakulira ku Rakvere. Piyano ya kunyumba kwawo inali yakufa pakati, kotero mwanayo ankasewera ndi mawu am'mwamba ndi apansi okhaokha. Wailesi ikamaulutsa nyimbo pa chimkuzamawu cha pabwalo la tauni, iye ankangozungulira pomwepo pa njinga kuti amve zonse. Atakula adaphunzira zopeka nyimbo kwa a Heino Eller ku Tallinn, kwinaku akugwira ntchito yojambula mawu ku wailesi ya dzikolo. Zina mwa nyimbo zawo zoyamba, monga Nekrolog ya mu 1960, zinali zaukali ndi zaphokoso, ndipo aboma ankati akutengera za azungu akumadzulo.

Chete wa pambuyo pa Credo adatenga zaka pafupifupi 8. Sikuti adapachikiratu ntchito ayi. Pakhomo pamafunika chakudya, choncho ankapeka nyimbo za m'mafilimu, ndipo mu 1971 adatulutsa Symphony yawo yachitatu. Koma mtima wawo unali kwina. Ankadzaza makope ndi timizere ta nyimbo ta liwu limodzi, kuphunzira maimbidwe akale a amonke otchedwa Gregorian, ndi ntchito za apeki amakedzana monga Machaut, Ockeghem ndi Josquin. Mu 1972 adalowa mpingo wa Orthodox.

Chimene ankafunacho chidatulukira mu 1976 m'kanyimbo ka piyano ka mphindi zochepa, Für Alina. Njira yatsopanoyi adaitcha tintinnabuli, poti imalira ngati mabelu, ndipo aliyense amene adaimbapo kwaya ya kutchalitchi angaimvetse msanga. Pamakhala mawu awiri. Loyamba limayenda pang'onopang'ono, do, re, mi, fa, kukwera kapena kutsika osadumpha. Lachiwiri silichoka pa manotsi atatu okha, monga do, mi, so, kapena la, do, mi, ndipo limangosankha imodzi yoyandikana ndi pamene pafika mnzake uja. Basi. Mawu awiriwa nthawi zina amagwirizana, nthawi zina amakhulana pang'ono, kenaka n'kumasukanso, ndipo kukoma kwake kwagona pamenepo. Papepala zimaoneka zachibwana, koma oimba amadziwa kuti manotsi akachepa chonchi palibe pobisala. Liwu likangogwedera, holo yonse yamva.

Zitatero, nyimbo zidabwera motsatizana. Chaka cha 1977 chokha chidabala Fratres, Cantus yokumbukira mpeki wa ku Britain Benjamin Britten, ndi Tabula Rasa, imene adaiimba koyamba akatswiri a vayolini Gidon Kremer ndi Tatiana Grindenko. Mu 1978 kudabwera Spiegel im Spiegel, imene opanga mafilimu aigwiritsa ntchito mpaka kuitopetsa. Ambiri adaimvapo pa kanema osadziwa mwini wake.

Ubale ndi boma sudakonzeke. Mu 1980 a Pärt, akazi awo a Nora ndi ana awo awiri adasamukira ku Vienna, kenaka ku Berlin. Mwayi udadzera pa wailesi ya m'galimoto. A Manfred Eicher, mwini kampani yojambula nyimbo ya ECM ku Germany, adamva Tabula Rasa ali pa ulendo, nayamba kufufuza amene adaipeka. Chimbale chidatuluka mu 1984, ndipo dzina la Pärt lidafalikira m'maiko ambiri.

Alipo ena amene amati nyimbozi n'zophweka mopitirira, zongogonekera anthu tulo. Amene adamvetsera Passio ya mu 1982, nkhani ya masautso a Yesu monga mwa Yohane yoimbidwa m'Chilatini kopitirira ola lathunthu, sangavomereze zimenezo. Ndipo mkulu wofatsayu si wamantha: Symphony yawo yachinayi ya mu 2008 adaipereka kwa a Mikhail Khodorkovsky, amene panthawiyo anali m'ndende ku Russia.

Tsamba la pa intaneti la Bachtrack, limene limawerengera makonsati, lidapeza kuti kuyambira 2011 mpaka 2018 palibe mpeki wamoyo amene nyimbo zake zinkaimbidwa m'makonsatiwo kuposa za a Pärt. Iwo adabwerera kwawo ku Estonia, ndipo makope awo aja akusungidwa ku Arvo Pärt Centre, m'nkhalango ya paini ku Laulasmaa, nyumba imene idatsegulidwa mu 2018. Mu 2025 adakwanitsa zaka 90.