KOMPYUTA YA MU INJINI: FUNSANI MUSANAIKHUDZE

Kale makaniko wa kumudzi anali kukonza Land Rover pansi pa mtengo ndi sipanala ndi khutu lake basi. Lero zinthu zasintha. Magalimoto ambiri olimba amene anyamula cimanga, thonje ndi odwala m'miseu ya pfumbi ali ndi kabokosi kochedwa ECU, ndiko kompyuta yolamulira injini.

Nchito ya kabokosika ndi yotere: kalandira uthenga wa kuculuka kwa mpweya wolowa, kutentha kwa madzi, liwiro la injini ndi m'mene woyendetsa wapondera mafuta. Pamenepo kayang'ana manambala olembedwa ku fakitale, nikalamula muyeso wa dizilo ndi nthawi yomupopera. Ma Hilux a injini ya D-4D, monga aja a 2005, ayenda motero. Koma Land Cruiser ya injini ya 1HZ ya malita 4.2, imene inayamba mu 1990, ili ndi pampu ya makina wamba, ndipo mulibe manambala otere.

Tsopano m'matauni muli amisiri amene alumikiza kompyuta yao pansi pa ciongolero nasintha manambalawo. Aonjezera dizilo ndi mpweya wa turbo, ndipo galimoto ikwera phiri mwamphamvu ngakhale italemedwa ndi matumba.

Koma mphamvu imeneyi ili ndi mtengo wake. Dizilo akaculuka koposa mpweya, utsi wakuda utuluka, injini itentha, mapisitoni angathe kung'aluka ndipo kalachi iyamba kuterereka. Ku cigwa ca Luangwa, kumene kutentha kupyola madigiri 40 m'mwezi wa October, bvuto lotere silicedwa. Ngati galimoto ndi yatsopano, ogulitsa angathe kukana kuikonza mwaulere monga mwa pangano.

Cifukwa cace, inu a makopaletivu ndi eni magalimoto, yambani ndi zapafupi. Galimoto ikafooka, onani sefa ya mpweya, sefa ya dizilo ndi ma injector, pakuti kawiri-kawiri pfumbi ndi mafuta akuda ndizo zipha mphamvu. Ngati mufunabe kusintha, pitani kwa mmisiri wokhala ndi makina oyesera, ndipo mumuuze asunge manambala oyamba kuti athe kuwabwezera.

Galimoto imodzi ikafa pa nthawi yokolola, mudzi wonse ubvutika. Akulu anati safunsa anadya phula.