Chipupa chinagwa chathunthu, mkangano n'kutsala

Chiyambireni namondwe wa Freddy mu March 2023, mitambo ikangoda anthu okhala m'mbali mwa mapiri a Soche ndi Ndirande amayang'anitsitsa zipupa zotchinga dothi kuseri kwa nyumba zawo. Poti malo ndi otsetsereka, munthu amasema phiri kuti apeze poika nyumba, kenako amamanga chipupa choti chigwire gomo limene wadulalo.

Pa puloti ina m'dera limeneli tinapeza chipupa cha mamita 2 chili chogona pabwalo. Sichinaphwanyike. Chinagwa chathunthu, njerwa zili chigwirane, pulasitala ali mbee, ndipo chinangothyokera mmunsi, pamzere woyamba wa njerwa pamwamba pa maziko. Kuseri kwake dothi lofiira linali likuchuchabe madzi, mizu ya nthochi ili pamtunda. Chingwe choyanikira zovala chimene chinamangidwa kuchipupako chinapita nacho limodzi, ndipo ana anali atayamba kale kujowajowa pamwamba pake.

Mwini nyumba akuloza chala mmisiri kuti anabako simenti. Mmisiriyo, bambo wachikulire amene wamanga nyumba zambiri m'deralo, akukanitsitsa, ndipo umboni wake ndi chipupa chomwecho: matope opanda simenti yokwanira akanayoyoka.

Mtsikana wina woyandikana nawo, amene akuphunzira uinjiniya, akugwirizana ndi mmisiri pa za simenti koma akumutsutsa pa zina zonse. Papepala lake anaphatikiza mphamvu zonse zokankha chipupa kukhala imodzi, imene m'kalasi amaitcha resultant, n'kufufuza mzere umene imadutsa. Madzi akadzaza kuseri amakankha pang'ono pamwamba, kwambiri pansi. Pa chipupa cha mamita 2, mita iliyonse ya m'litali imakankhidwa ndi mphamvu ya pafupifupi matani 2, kulemera kwa matumba 40 a simenti, ndipo mphamvuyo imagunda pa masentimita 67 kuchokera pansi, gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Chimene chikulimbana nayo ndi kulemera kwa chipupa chokha, kumene pa chipupa chochindikala masentimita 23 kumangoyandikira makilogalamu 900.

Ukaphatikiza ziwirizi, mzere wa resultant umakafika pansi pafupifupi mita imodzi ndi theka kutsogolo kwa chipupa, pabwalo penipeni. Kuti chipupa chiime, mzerewo uyenera kugwera mkati mwa tsinde lake, ndipo kuti njerwa zisayambe kukanuka kumbuyo uyenera kukhala m'chigawo chapakati ukagawa tsindelo patatu. Ngakhale akanathira simenti yochuluka chotani, mzerewo sukanasuntha.

Apa mpamene mmisiri sakugonja. Akuti zipupa zina zimene anamanga chimodzimodzi zatha zaka zili chiimire. Sakunama. Dothi la katondo likauma limagwirana n'kuima lokha, chipupa n'kumangooneka ngati chikugwira ntchito. Limachiyesa tsiku limene lakhuta madzi. Kwa ife, mawu a mtsikanayu ndi amene akumveka, chifukwa akufotokoza kagwedwe kake kenikeni, osati kugwa kokha. Chodetsa nkhawa nchakuti msinkhu ukawirikiza kawiri, kukankha kwa madzi kumawirikiza kanayi, ndipo mphamvu yopidigula chipupa imawirikiza kasanu ndi katatu. Komatu anthu amangowonjezera mizere ya njerwa pamwamba akapeza ndalama, tsinde lili lomwe lija.

Mankhwala ake ngodziwika: tsinde lotambalala, miyala kuseri kwa chipupa, ndi timapaipi mmunsi totulutsira madzi. Potsika phiri tinaona zipupa zingapo zimene timapaipi tinaikidwa ndithu, koma ena anatitseka ndi simenti kapena mapepala a pulasitiki, akuti chifukwa madzi ake amathira pakhomo la mnansi wa kumunsi ndipo amayambanitsa anthu.