Kapepala Kowala Kamene Kagwira Poizoni m'Ndiwo

Madzulo ano tikambe za repu ndi matimati amene amai agula pa msika. Alimi amapopera mankhwala kuti aphe mbozi, ndipo sitingawadzudzule. Koma akathyola ndiwo masiku olembedwa pa citini asanakwane, poizoni atsalira pa tsamba, ndipo diso silingamuone. Makina omuyeza ngodula, ndipo akhala m'nyumba za akatswiri, kutali ndi msika.

Cifukwa cace anthu a nzeru alikukonza kapepala konga kaja koyezera malungo ku cipatala, koma kameneka kayankha ndi kuwala. Ciphaniphani muciona usiku ciri kuwala popanda moto. Alipo mankhwala ochedwa luminol amene acita cimodzimodzi: m'caka ca 1928 Mjeremani wina, H. O. Albrecht, analongosola kuti akasanganizidwa ndi hydrogen peroxide aturutsa kuwala kobiriwira ngati thambo. Koma pa okha awala mozirala. Afuna cofulumizitsa, cimene akatswiri acicha catalyst, cinthu cofulumizitsa nchito osatha ico comwe.

Kapepalako kagwira nchito motere. Mudonthezapo madzi otsukira ndiwo. M'kapepalamo muli tizinthu todziwa poizoni wa mtundu umodzi, ndipo tasenza cofulumizitsa cija. Ngati madziwo ali abwino, tizinthuto tipita kukamamatira pa mzere, ndipo mzerewo uwala. Ngati muli poizoni, atigwira panjira, ndipo mzere uzirala. Tsono mzere ukayamba wowala kwambiri, ngakhale kuzirala kwapang'ono kudziwika.

Kwa zaka zambiri cofulumizitsa cacokera ku muzu wa mmera wochedwa horseradish. Bvuto lace nlakuti cionongeka ndi kutentha, ndipo dzuwa la October mulidziwa. M'caka ca 2007 mai Yan Xiyun ndi anzace ku China anapeza kuti fumbi losalala la dzimbiri lakuda la citsulo licita nchito yomweyo. M'caka ca 2011 Zhang Tao wa ku Dalian ndi anzace anapitirira: anamwaza platinum atomu imodziimodzi. Atomu ndiko kadontho kotsiriza ka cinthu. Maatomu a citsulo ngati 4,000,000 atandanda m'mzere angokwana milimita imodzi.

Phindu lace inu a pa mgodi mulimvetsa msanga. Anthu makumi asanu akaunjikana pa malo amodzi opapatiza, ofika pa mwala ndi a patsogolo okha, enawo angoima. M'kambulu ka citsulo, maatomu a kunja okha agwira nchito. Koma mukawamwaza pa makala, iri yonse yogwidwa ndi maatomu anai a nitrogen monga momwe citsulo cikhalira m'mwazi wathu, palibe yoima cabe. Citsulo cocepa cipatsa kuwala kwambiri, ndipo cipirira kutentha koposa ca ku muzu cija.

Mapepala otere akali kuyesedwa m'nyumba za akatswiri. Sanafike pa misika yathu. Kufikira tsikulo, cinjirizo lathu ndi lakale lomwe. Alimi, werengani mau a pa citini, ndipo dikirani masiku ace musanathyole. Amai, tsukani ndiwo ndi madzi ambiri oyera musanaphike. Tsalani bwino nonse.