Abusa, Bwanji Sindikumvanso Chikondi cha Mulungu?

Inu a ku Makawa, a ku Namiasi, a kwa Mponda, a ku Malindi tsidya lija, a ku Monkey Bay mpaka ku Msaka ndi ku Chembe, ndi inu amene wailesi mwaipachika pa thandala uku mukuyanika usipa, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya!

Lero ndiyamba ndi funso limene mayi wina anandifunsa titatuluka m'mapemphero a Lachitatu. Dzina lawo sinditchula, anangondilola kunena funso lokha. Anati, "Abusa, ine ndinalandira Yesu zaka 6 zapitazo. Masiku oyamba aja ndikagwada misozi inkangotsika yokha, ndinkamva ngati Mulungu wandikumbatira. Pano ndikapemphera zimakhala ngati ndikuyankhula ndi malata a padenga. Abambo akwathu ali ku Joni, chino ndi chaka chachitatu, ndalama zimabwera mwa apo ndi apo. Kodi ndabwerera m'mbuyo? Kapena Mulungu anasiya kundikonda?"

Ndivomereze pamaso panu, tsiku limenelo ndinawayankha mothamanga. Ndinangoti pitirizani kupemphera mayi, zikhala bwino. Nditafika kunyumba mtima unanditsutsa, chifukwa funso limenelo si la mayi aja okha. Ambiri a inu muli nalo, kungoti mumaopa kulitulutsa poopa kuti anzanu a kukwaya akuonani ngati ozilala. Ndiye mayi, ngati mukumvera, yankho lanu ndi ili.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene timazisakaniza: kukondedwa ndi kumva m'thupi kuti ukukondedwa. Pa Aroma 5 vesi 8 Paulo akuonetsa pamene umboni wa chikondi cha Mulungu unaikidwa. Akuloza pamtanda, kuti Khristu anatifera pa nthawi imene tinali tisanalape n'komwe. Mukundimva? Tsiku limene chikondicho chinatsimikizidwa inu munalibe misozi, munalibe tsemwe, munali musanabadwe. Ndiye chingathe bwanji lero chifukwa choti tsemwe lija lasiya?

Inu asodzi mundithandize pano, paja nkhani ya chambo mumaidziwa kuposa ine. Chambo chachimuna chimakonza malo pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira sichiwasiya pamenepo ayi, chimawatola n'kuwasunga m'kamwa. Amaswera momwemo, ndipo tiana timakhala momwemo masabata angapo, make osadya bwino nthawi yonseyo. Tsopano taganizani kamwana ka chambo kali m'kamwa muja. Kakuona chiyani? Mdima wokhawokha. Nkhope ya make sikakuiona. Kakanakhala koyankhula kakanati amayi anandisiya, pamene kali m'kati mwenimweni mwa amayi akewo. Pali abale ena mukumvera pano amene mdima mukudandaula nawowo ndi wa m'malo obisika amene Mulungu wakusungani.

Koma nkhani ya chambo sithera pamenepo, ndipo mbali yachiwiriyi ndi imene ikukhudza mayi aja. Imafika nthawi make amatsegula pakamwa, tiana n'kutuluka kukasambira tokha. Kukabwera choopsa timathawira m'kamwa muja, kenako timatulukanso. Tikamakula timasiya kubwereramo, timapita m'madzi osaya, m'mabango, n'kukhala kasawala amene timamudziwa uja. Kodi make akamatitulutsa ndiye kuti watida? Ayi. Nsomba yokhalitsa m'kamwa siingakule. Chimodzimodzi, kutsekemera kwa masiku oyamba a chipulumutso ndi mphatso yeniyeni, ine sindikunyoza, nanenso ndinalira masiku anga. Koma pa Ahebri 5 timamva za mkaka wa makanda ndi chakudya cholimba cha akuluakulu. Mwana akamaletsedwa kuyamwa amalira ngati dziko latha, pamene mayi wake ali pompo akumuphikira phala.

Ndiye mayi, ine sindikuona kubwerera m'mbuyo pa inu. Munthu wobwerera m'mbuyo sadandaula kuti sakumva Mulungu, iye zimamukomera. Inu mukubwerabe Lachitatu lililonse, mukugwadabe ngakhale denga lili chete, banja mwalisunga zaka zitatu abambo kulibe, pamene oyesa pa doko sasowa. Zaka 6 zapitazo mukanatha zimenezi popanda misozi yokulimbikitsani? Kukula kumeneko.

Ndinene ndithu kuti nthawi zina kuuma kwa mtima kumachokera ku tchimo limene talibisa. Ukamapinda ndowa yoyezera usipa kuti ogula alandire wochepa, ukamasunga mkwiyo ndi m'bale wako chaka chathunthu, pemphero limalemera, ndipo mankhwala ake ndi kulapa basi. Dzifufuzeni. Koma mukadzifufuza n'kupeza kuti palibe chimene Mzimu akukulozerani, musadzipangire mlandu umene Mulungu sanakuimbeni.

Vuto lathu lalikulu ndi changu. Mukudziwa chimene chapha chambo kuno ndi ku Malombe: kukokera pagombe maukonde a maso ang'onoang'ono, ena mpaka neti ya udzudzu imene analandira kuti azigonamo, n'kukokolola kasawala asanakule. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka miyezi ya Novembala ndi Disembala kuti nsomba ziswane. Miyezi imeneyo pa doko pamakhala zii, m'matumba mulibe kanthu, koma pansi pa madzi ndi pamene ntchito ikugwirika. Akhristu enafe tili ngati wa neti ya udzudzu uja. Tikufuna kukolola lero lomwe. Kukauma pang'ono tathamangira kwa mneneri uyu, mawa kwa uja, kugula timabotolo ta mafuta ndi ta madzi, ndalama imene ikanagula ufa wa ana. Ine ndimakhulupirira machiritso, ndimakhulupirira mphamvu ya Mzimu Woyera, ndaona ndi maso anga Mulungu akuchita. Koma chikondi cha Atate sichigulitsidwa m'botolo, ndipo amene akukuuzani mtengo wake akukuberani. Amen!

Pa Marko 4 kuyambira vesi 26 Ambuye Yesu anafanizira Ufumu wa Mulungu ndi mlimi wofesa mbewu amene amagona n'kudzuka, mbewuyo n'kumamera iye osadziwa mmene ikumerera. Chitsanzo chake tili nacho pafupi pompano. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear pa sitima yotchedwa Ilala, mmodzi mwa iwo anali dokotala Robert Laws. Anamanga, anaphunzitsa, anachiza odwala, malungo n'kumawatenga mmodzimmodzi. Manda awo alipo mpaka lero ku Chembe, mukhoza kukawaona. Pofika 1881, pamene ankasamukira ku Bandawe, munthu amene anali atabatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Mmodzi! Akanakhala m'busa wa masiku ano bwenzi tikuti alibe kudzoza. Koma kuchokera pa chiyambi chowawa chimenecho munatuluka mishoni ya Livingstonia, masukulu, zipatala, ndi mipingo yodzaza kumpoto konse kuja. Ife a Chipentekoste tisamayende ngati Uthenga unayamba ndi ife, pali anthu anagona m'manda pagombe lino tisanabadwe. Ndipo ndimadzifunsa kuti, usiku umene ankaika mnzawo m'manda, kodi ankamva kutsekemera kulikonse mumtima?

Tsopano funso lenileni ndi ili: ngati chikondi chilipo ngakhale sindikuchimva, ndingachione bwanji? Tsegulani Yohane 21, mukawerenge nokha mutu wonse. Petro ndi anzake 6 apita kukapha nsomba pa nyanja ya Tiberiya. Usiku wonse osapha kanthu. Inu alovi mukudziwa mmene zimawawira kubwerera m'mawa, mafuta a injini mwawotcha, nyali zayaka usiku wonse, boti lili gwa, amayi ogula akukudikirani ndi mabeseni. M'bandakucha pagombe paima munthu, iwo osamuzindikira. Awauza mbali yoponya khoka, ndipo agwira nsomba zikuluzikulu 153. Koma chimene chimandigwira mtima ine si nsomba 153 zija. Atafika kumtunda anapeza moto wamakala uli kale, nsomba ili pamoto, mkate uli pambali. Mwana wa Mulungu, wouka kwa akufa, wakoleza moto n'kuwaotchera nsomba anyamata otopa. Ndipo onani dongosolo lake: Petro, amene anamukana katatu, anayamba wadya kaye, mafunso atatu a chikondi aja anabwera atakhuta. Ambuye sanadikire kuti Petro akonze mlandu wake kuti amupatse chakudya.

Anthu 7 anali m'boti, koma woyamba kuzindikira kuti ndi Ambuye anali mmodzi, Yohane. Onse anaona munthu yemweyo, gombe lomwelo. Kukula m'chikhulupiriro, mbali yake yaikulu ndi imeneyi: maso ozindikira Yesu m'zinthu wamba.

Ine phunziro limeneli ndinaliphunzira mochititsa manyazi. Mukukumbukira 2024, nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba za anthu m'mbali mwa gombe lino. Kwathunso madzi anafika, chipupa cha kukhitchini chinagwa, tinasamutsa katundu usiku. Lamulungu ndinkaima kutsogolo kulalikira chigonjetso, koma mumtima ndinali wokwiya. Ndinkapempha chozizwa chachikulu, nyumba ina, ndalama yogwa kumwamba, ndipo ndinkangoona kuti kumwamba kwatsekedwa. Masiku onsewo mayi wina wachisilamu, woyandikana nafe, anatisungira katundu pakhonde pawo, ndipo madzulo ankatumiza mdzukulu wawo ndi mbale ya nsima ndi utaka. Ine ndinkadya n'kupitiriza kudandaula. Tsiku lina ndikung'ung'udza kuti Mulungu wakhala chete, mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, mukuti Mulungu ali chete, nanga mbale izi akutumiza ndani?" Abale, ndinasowa chonena. Moto wamakala unali pagombe, ine maso ali kunyanja kufunafuna nsomba 153. Ndipo Mulungu anasankha dzanja la munthu amene sitipemphera naye limodzi, kuti m'busa aphunzire kudzichepetsa.

Kuyambira pamenepo kunyumba kwathu tinayamba kachizolowezi kakang'ono. Tisanagone, aliyense, ngakhale mwana wa sitandade 2, amatchula chinthu chimodzi chimene Mulungu wamuchitira tsikulo. Sitilola mawu ongozungulira akuti wandisunga ndi moyo, timafuna chinthu chenicheni chokhala ndi nthawi ndi malo. Wina amati wa kabaza ananditenga ngakhale ndalama inali yoperewera. Wina amati mwera unayamba titafika kale kumtunda. Masabata oyamba zinkavuta, tinkakhala duu kuganiza. Pano ana amalimbirana kuyamba. Zinthuzo sizinachuluke, ndi maso athu amene anatseguka. Yesani sabata ino, ndipo pambali pake muwerenge Mawu tsiku ndi tsiku ngakhale asakukomereni, monga mmene wodwala malungo amadyera phala pakamwa pali powawa. Kumapemphero musasiye, khala lamoto likachoka pa anzake limazima msanga.

Ndipo mukayamba kuona mbale zimene Mulungu akukutumizirani, mudzazindikira kuti nanunso akufuna akutumeni. Pali nyumba ina pafupi nanu imene wina akufunsa funso la mayi aja usiku uno, ndipo yankho lake mwina lili mu mphika wanu.

Nthawi yatithera. Mayi amene munandifunsa, ndi nonse amene muli ngati iwo, ikani dzanja pamtima tipemphere. Atate, m'dzina la Yesu, ndikupereka kwa Inu mwana wanu amene watopa ndi kuuma kwa mtima. Mutseguleni maso aone moto umene mwamukolezera pagombe. Kumbukirani amuna ndi ana athu amene ali ku Joni, muwasunge, muwakumbutse kwawo. Kumbukirani anyamata amene akulowa m'nyanja usiku uno, abwerere onse kumtunda. Ndi amene wabisa tchimo, mupatseni kulimba mtima kolitchula pamaso panu lero. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzabwereranso pa Yohane 21 kuti tione mafunso atatu amene Ambuye anamufunsa Petro. Mukawerengeretu kuyambira vesi 15.