Kachipangizo kobisika kamene kamalamula mawu a gitala

Mu 1965, gulu la Rolling Stones litatulutsa nyimbo ya Satisfaction, anthu anatengeka ndi kulira kosasa kwa gitala ya Keith Richards. Chinsinsi chake chinali pedulo, kabokosi koponda ndi phazi ka mtundu wa Maestro FZ-1, komwe kampani ya Gibson inayamba kugulitsa mu 1962. Kuyambira nthawi imeneyo, oimba ndi amisiri a zamagetsi akhala akutsegula timabokosi totere n'kumasintha zam'kati pofuna mawu awoawo.

Ambiri akatsegula amathamangira ma diode. Pedulo ya distortion imakweza mphamvu ya magetsi ochokera m'gitala, kenako ma diode amadula nsonga za mafunde a magetsiwo, ndipo kudulako ndi komwe kumabala mawu osasa. Diode ya silicon imayamba kudula pa ma volt pafupifupi 0.6, ya germanium pa 0.3, pamene LED yofiira imadikira mpaka cha m'ma 1.8. Mukachotsa ma diode a silicon mu Boss DS-1, pedulo ya ku Japan yomwe inatuluka mu 1978, n'kuwotcherera ma LED, mawu amatuluka okwera komanso osafinyika kwambiri.

Komabe pali kachigawo kena kamene kamalandira magetsi asanafike pa ma diode. Dzina lake ndi input buffer, ndipo kawirikawiri kamangokhala transistor imodzi, ma resistor angapo ndi capacitor.

Kuti timvetse ntchito yake, tiyambire pansi pa nsambo za gitala. Pamenepo pali pickup, maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa woonda ngati tsitsi, wozungulizidwa kambirimbiri. Nsambo ikanjenjemera, mu wayamo mumabadwa magetsi ochepa zedi. Magetsiwa ndi ofooka: chipangizo chikawakoka kwambiri, amagwa, ndipo oyamba kutayika ndi mawu akuthwa. N'chifukwa chake polowera pa amplifaya zambiri pamakhala impedance ya megohm imodzi, kutanthauza kuti amplifayayo imangosomola pang'ono osatopetsa pickup.

Chingwe nachonso chimadya mawu. Mita iliyonse ya chingwe cha gitala imakhala ndi capacitance ya pafupifupi ma picofarad 100. Chingwe chikatalika, mawu akuthwa amathawira pansi, gitala n'kumamveka yogonthera.

Buffer imathetsa mavuto awiriwa. Polandira, imakoka magetsi ochepa kwambiri kuchokera ku pickup. Potulutsa, imagwiritsa ntchito batire ya ma volt 9 ya m'pedulomo kupereka mafunde omwewo, koma okhala ndi nyonga yokankha chingwe chachitali ndi zigawo zotsatira. Ili ngati mthenga wa mfumu: sawonjezera kapena kuchotsa mawu, koma ndiye ali ndi miyendo yofikitsira uthenga kutali. Tube Screamer TS808 ya Ibanez, yomwe inatuluka mu 1979, ili ndi buffer yotere patsogolo pa chip yake ya 4558. Mapedulo a Boss nawo amasiya buffer ikugwira ntchito ngakhale distortion itazimitsidwa.

Apa ndiye pamagona mkangano. Ena amachotsa buffer n'kuika switch ya true bypass, yomwe imalumikiza gitala ndi amplifaya mwachindunji pedulo ikazima. Pedulo ikakhala imodzi, chingwe chili chachifupi, palibe vuto. Koma mukandandalika mapedulo asanu a true bypass, onse n'kuzima, pickup imasenza yokha utali wa zingwe zonse, ndipo mawu omwe mumafuna kuteteza ndi omwe amatayika.

Izi sizikutanthauza kuti buffer ndi yabwino paliponse. Fuzz Face, yomwe kampani ya Arbiter ya ku London inatulutsa mu 1966 ndipo inatchuka ndi Jimi Hendrix, ili ndi ma transistor awiri okha, ilibe buffer, ndipo impedance ya polowera pake ndi yotsika. Pickup yofookayo imakhala mbali ya dongosolo lake. Woimba akatsitsa pang'ono voliyumu ya pagitala, kusasa kuja kumachepa, mawu n'kuyera. Mukaika buffer patsogolo pake, mgwirizanowo umatha, ndipo mawu amakhala okanda m'khutu. N'chifukwa chake oimba ambiri amaika fuzz yotere pamalo oyamba, magetsi akangotuluka m'gitala.

Choncho musanatenthetse chowotcherera, yang'anani kaye chithunzi cha dongosolo la pedulo yanu ndi kuona mmene magetsi akulowera. Yesani ndi chingwe chachifupi, kenako chachitali. Sinthani malo a mapedulo. Kenako sinthani kachipangizo kamodzi kokha, mvetserani, ndipo muzilemba zimene mwasintha. Nthawi zina vuto lomwe anthu amanamizira ma diode limakhala polowera, ndipo limatha ndi kusuntha pedulo imodzi popanda kuwotcherera chilichonse.