ANAPAMBANA PA BWALO, KOMA MAPEPALA ANAWAGWETSA

Madzulo ali onse dzuwa likapendeka, ana a m'midzi ya a Mfumu Mphuka m'boma la Luangwa amathamangira ku bwalo la sukulu. Anyamata amalimbirana cimpombwa, atsikana naponyerana mpira wa manja. Mwana ali yense wodziwa kusewera amalakalaka kuti timu yace ipambane masukulu oyandikana nawo, kenaka ipambane pa boma, ndipo potsiriza ikaonekere ku Lusaka. Makwerero otere, ocokera pa mudzi kufikira pa dziko lonse, ali ndi mbiri yaitali m'masewera ena ochedwa baseball. Masewerawo sadziwika kwenikweni m'mbali mwa Zambezi ndi Luangwa, koma mbiri yace iri ndi phunziro limene likhudza banja liri lonse la ku Feira.

KASEWEREDWE KACE

Baseball ndi masewera a ndodo ndi kampira kolimba kokula ngati lalanje. Timu iri yonse ikhala ndi osewera 9. Wina aponya mpira, wa timu ina naumenya ndi ndodo, nathamanga kuzungulira malo anai oikidwa m'ngodya za bwalo. Akabwerera pamene anayambira adani ace asanamturutse, timu yace yapeza pointi imodzi. Pa bwalo la ana, mtunda wocokera pa ngodya ina kufika pa inzace ndi mamita 18, ndipo matimu amasinthana kumenya ndi kugwira kasanu ndi kamodzi.

CIYAMBI CACE

Nkhani inayamba m'caka ca 1939 mu mzinda wa Williamsport, m'cigawo ca Pennsylvania ku America. Bambo wina dzina lace Carl Stotz, amene ankakonda kusewera ndi ana a mlongo wace, anaona kuti bwalo ndi malamulo a akuluakulu zinali zowakulira ana. Anacepetsa bwalo, napempha eni malonda atatu kuti ali yense apereke madola 30 ogulira zobvala ndi zipangizo. Motero panabadwa matimu atatu, ndipo bungwelo linachedwa Little League. Masewera oyamba anacitika pa 6 June 1939, pamene timu ya Lundy Lumber inagonjetsa Lycoming Dairy ndi mapointi 23 kwa 8.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, matimu anafalikira m'mizinda yina. M'caka ca 1947 anakonza mpikisano woyamba wolimbirana cikho, ndipo timu ya Maynard ya mu Williamsport momwemo inapambana Lock Haven ndi mapointi 16 kwa 7. Matimu atacuruka, sikunathekenso kuitana onse. Anagawa dziko m'zigawo, nalamula kuti timu iyambe yapambana kwao, kenaka pa cigawo, isanapite ku Williamsport. Apa ndi pamene mipikisano ya zigawo inakhala yofunika koposa, pakuti ndiyo khomo lokhalo lolowera ku bwalo lalikuru.

KHOMO LINALI LOTSEKA KWA ENA

Khomolo silinatsegukire onse mofanana. M'caka ca 1955, mu mzinda wa Charleston ku South Carolina, munali timu ya ana akuda ya Cannon Street YMCA. Matimu a azungu a m'cigawoco anakana kusewera nawo cifukwa ca tsankho la khungu, naturuka mu mpikisano. Ana akudawo anatsala okha, koma lamulo linati timu siingapitirire popanda kupambana pa bwalo. Anaitanidwa ku Williamsport monga alendo, nakhala pa mipando kuonerera anzao akusewera.

Pang'ono ndi pang'ono mafuko ena analowa. Timu ya ku Montreal, Canada, inakhala yoyamba yocokera kunja kwa America m'caka ca 1952. M'caka ca 1957 ana a ku Monterrey, Mexico, anatenga cikho, pamene mnyamata wao woponya, Angel Macias, sanalole mdani ndi mmodzi yemwe kufika pa ngodya yoyamba. Japan inapambana koyamba mu 1967, Taiwan mu 1969. Matimu a Taiwan anapambana kawirikawiri kotero kuti m'caka ca 1975 matimu akunja analetsedwa, koma ciletsoco cinatha caka cimodzi cokha. Atsikana analoledwa kusewera kuyambira 1974. Matimu ofika ku Williamsport anacuruka kucokera pa 8 kufika pa 16 m'caka ca 2001, ndipo anafika 20 mu 2022.

KUBA ZAKA

Popeza mpikisanowu ndi wa ana, funso la msinkhu lakhala likubvuta nthawi zambiri. Mwana wa zaka 14 akasewera ndi a zaka 12, mphamvu zace ziposa za anzace, ndipo cipambano cace ndi cakuba. M'caka ca 1992 timu ya ku Zamboanga, Philippines, inalandidwa cikho zitadziwika kuti inaseweretsa ana osayenera, ndipo cikhoco cinaperekedwa kwa Long Beach ya ku California. M'caka ca 2001 timu ya ku Bronx, New York, inafafanizidwa zipambano zace zonse atapeza kuti woponya wace anali ndi zaka 14. Amene anakonza cinyengo anali akuluakulu, koma manyazi anagwera ana. Kuyambira pamenepo mapepala a kubadwa kwa wosewera ali yense amafufuzidwa mosamalitsa.

AFRICA ALOWA M'BWALO

Baseball inafika kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1890, ndi anthu a ku America amene anadzagwira nchito m'migodi ya golide ku Johannesburg. Bungwe loyang'anira baseball ndi softball mu Africa linakhazikitsidwa ku Lagos m'caka ca 1990, ndipo Zambia inali m'gulu la maiko oliyambitsa. Koma pa mpikisano wa ana, dziko limene linatsegula njira ndi Uganda, kumene Richard Stanley wa ku America anathandiza kukhazikitsa matimu a ana kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000.

Mpikisano wa cigawo ca Africa ndi Middle East unkacitikira kutali, mu mzinda wa Kutno ku Poland. Kwa zaka zambiri mwini bwalo anali timu ya ku Dhahran, Saudi Arabia, imene ambiri mwa osewera ace anali ana a anthu a ku America ogwira nchito ya mafuta. Mwezi wa July 2011, timu ya Rev. John Foundation ya ku Kampala inagonjetsa Dhahran, nikhala timu yoyamba ya mu Africa kupeza malo ku Williamsport.

Cimwemwe cao sicinakhalitse. Popempha cilolezo colowera ku America, akuluakulu a ofesi ya kazembe anapeza kuti masiku obadwa olembedwa pa mapepala a ana ena sanali kugwirizana. Cilolezo cinakanidwa, ndipo timu ya Dhahran, imene inagonja pa bwalo, ndiyo inakwera ndeke. Ana amene anakhetsa thukuta anatsala ku Kampala.

Ana a ku Langley, Canada, amene anayenera kukomana nawo ku Williamsport, anapita okha ku Uganda mu January 2012 kukasewera masewera amene analepherekawo, ndipo Uganda inapambana 2 kwa 1. Caka comweco timu ya ku Lugazi, mudzi wa minda ya nzimbe, inapambana ku Kutno, mapepala ace ali olongosoka. Inafika ku Williamsport mu August 2012. Inagonja kwa Panama ndi Mexico, koma inapambana timu ya ku Oregon 3 kwa 2. Kuyambira 2013 Africa inaphatikizidwa ndi Europe kukhala cigawo cimodzi, ndipo m'caka ca 2015 timu yina ya ku Kampala inapambana cigawoco, nikagonjetsa Dominican Republic 4 kwa 1.

PHUNZIRO KWA MAKOLO A KWA MPHUKA

Cimene cinagwetsa ana a ku Kampala mu 2011 cingagwetsenso mwana wa kwa Mphuka kapena kwa Mburuma, ngakhale masewera ace ali mpira wa miyendo kapena liwiro. Mipikisano ya acinyamata ya masiku ano imayendera zaka, ndipo mau a pakamwa akuti mwana anabadwa caka ca njala kapena ca madzi osefukira sawerengedwa pa khomo la ndeke. Lamulo la Zambia la 1973 likuti mwana ali yense wobadwa m'dziko muno alembetsedwe. Komabe kafukufuku wa Boma wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 14 okha ndiwo anali olembetsedwa.

M'mera mpoyamba. Mai asunge bwino khadi la ku sikelo, kutali ndi ciswe ndi madzi a mvula. Bambo afunse ku cipatala kumene mwana anabadwira, kapena ku ofesi ya kalembera ku boma, za kalata ya kubadwa. Tsiku lolembedwa pa khadi likhale lomwelo limene lilembedwa m'kaundula wa sukulu ndi m'buku la nyakwawa, kuti mwanayo akadzafika zaka 16 zotengera citupa ca NRC asadzapezeke ndi masiku obadwa awiri. Aphunzitsi nawonso asacepetse zaka za mnyamata wamkuru pofuna cikho ca caka cimodzi, pakuti bodza lotere limamtsata mwanayo kufikira tsiku limene mwai weniweni udzamfikira.